Mpira wa kumudzi ku Marávia: anthu amene amasenza timu chaka chonse

Mvula ikangokata ndipo chimanga chikayamba kulowa m'nkhokwe, midzi yambiri ya m'boma la Marávia imamveka phokoso lina madzulo a Loweruka ndi Lamulungu. Kumakhala kulira kwa wezulo, nthungululu za amayi ndi mfuu ya ana amene amathamangira m'bwalo chigoli chikalowa. Kuyambira ku Fingoè, likulu la bomali, mpaka kumadera a Malowera, Chiputo ndi Chipera, mpira wa miyendo, umene ambiri amangoutcha bola, ndiwo umasonkhanitsa achinyamata nyengo yonse yachilimwe.

Anthu akamabwerera kunyumba amakamba za mnyamata amene wamwetsa chigoli kapena za goloboyi amene wagwira penate. Kawirikawiri palibe amene amafunsa kuti bwalo anatchetcha ndani, mpira unagulidwa ndi ndalama za yani, nanga alendo aja adya kwa yani. Komatu timu ya kumudzi ilibe kampani yoithandiza ndipo ilibe wantchito wolandira malipiro pakutha pa mwezi. Imayenda kaamba ka anthu owerengeka amene amagwira ntchito mongodzipereka, ndipo anthuwa akatopa kapena akayambana, timu imatha ngakhale ikhale ndi osewera aluso chotani. Si zachilendo kupeza malo amene kale panali bwalo lotchuka, lero pali mizere ya chimanga.

Ntchito imayamba ndi chikwakwa

Chaka cha timu chimayamba mu Epulo kapena Meyi, mpira usanagundidwe n'komwe. Nthawi ya dzinja bwalo limamera udzu wolekeza m'chiuno, ng'ombe zimapondaponda ndi kusiya maenje, madzi amakumba ngalande ndipo chiswe chimadya mitengo ya magolo. Ntchito yoyamba ya wapampando wa timu ndi kumema anyamata kuti abwere ndi zikwakwa, makasu ndi nkhwangwa. Apa ndi pamene mitima ya anthu imadziwikira. Pa tsiku la masewero aliyense amafuna jezi, koma pa tsiku lotchetcha ena amati ali ndi ntchito kudimba, ena amati atumidwa kuchigayo. Nchifukwa chake matimu ena anaika lamulo loti amene sanagwire chikwakwa asadzasewere masewero oyamba.

Ena amafuna njira yachidule yongotentha udzuwo. Moto wotere umatha kulowerera m'minda ya anthu amene sanamalize kukolola, ndipo timu imayamba chaka ndi mlandu kwa amfumu. Komanso udzu wopserera umasiya tizitsa takuthwa timene timabaya osewera opanda nsapato.

Bwalo likayera pamabwera ntchito yoyeza, ndipo kawirikawiri imagwera mphunzitsi wa pasukulu chifukwa ndiye amakhala ndi chingwe choyezera. Malamulo a mpira amati bwalo litalike mamita 90 mpaka 120, ndipo m'lifupi mwake mukhale mamita 45 mpaka 90. Golo likhale mamita 7.32 kuchokera pa mzati kufika pa mzati unzake, ndi mamita 2.44 kuchokera pansi kufika pa mtanda. Malo omenyera penate amakhala pa mtunda wa mamita 11 kuchokera pa mzere wa golo. Kumene kulibe laimu, mizere amailemba ndi phulusa limene ana amatolera m'makomo, kapena amangopala ndi khasu. Kuyezaku kumathandiza kupewa mikangano, popeza timu yobwera ikaona kuti golo lina ndi lalikulu kuposa linzake, mpira umatha usanayambe.

Nkhani ina imene makomiti ambiri amainyozera ndi ya malo enieniwo. Lamulo la malo la dziko la Mozambique la chaka cha 1997 linanena kuti nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa, koma linavomereza ufulu wa midzi wogwiritsa ntchito malo malinga ndi mwambo wawo. Mabwalo ambiri anaperekedwa pakamwa chabe ndi mfumu kapena ndi banja lina. Mwini mawu uja akamwalira, adzukulu amabwera ndi ng'ombe n'kulima. Komiti yoona patali imaitana mfumu, nyakwawa, mkulu wa sukulu ndi banja lopereka malowo, amayenda m'malire onse pamaso pa anthu, n'kulemba pa pepala zimene agwirizana. Mitengo ikabzalidwa m'malire muja, umboni umakhalapo ngakhale pepala litadyedwa ndi chiswe.

Thumba la timu

Mpira weniweni wa akuluakulu, wa nambala 5, umalemera magalamu 410 mpaka 450, ndipo pa bwalo la miyala ndi minga sukhalitsa. Pamafunikanso pampu ndi singano yake, wezulo, majezi ndi ulusi wosokera mpira ukang'ambika. Zambiri mwa zinthuzi zimagulidwa kutali, mwina mu mzinda wa Tete kapena kutsidya la malire ku Zambia, kotero msungichuma wa timu ya kumalire amasunga ndalama za mitundu iwiri, meticais ndi kwacha, ndipo amayenera kudziwa kusintha kwake. Majezi ambiri amachokera mu zovala za kaunjika, zimene kuno amati calamidade ndipo ku Zambia amati salaula. Akapeza malaya ofanana mtundu, wina waluso amalemba manambala kumsana ndi penti.

Ndalama zimenezi zimachokera kwa osewera eniake ndi makolo awo. Ena amasonkha chidebe cha chimanga kapena mtedza nthawi yokolola, komiti n'kugulitsa. Matimu ena amagwira ganyu pamodzi, monga kuumba njerwa, kusenza mchenga kapena kuthandiza mlimi wa fodya kumanga chigafa. Alipo amene amapempha kamunda kwa amfumu n'kulima nyemba kapena soya m'dzina la timu. Njira ya munda ndi yochedwa koma ndi imene imapirira, chifukwa imapatsa anyamata chifukwa chokumanirana ngakhale m'dzinja pamene mpira waima.

Pa zonse zimene zimapha matimu a kumudzi, ndalama ndiyo imatsogola. Msungichuma akhoza kukhala munthu wokhulupirika, koma ngati salemba, tsiku lina amaiwala ndipo anthu amayamba kunong'ona. Mwana wake akadwala usiku amabwereka m'thumba la timu ndi mtima woti adzabweza, ndipo tsiku logula mpira likafika ndalama zimapezeka zoperewera. Manong'onong'o akayamba osewera amaleka kusonkha, munthu uja amakhumudwa n'kusiya udindo, ndipo palibe wina amene amafuna kuutenga. Mankhwala ake ndi kope la masamu ndi bolopeni. Ndalama iliyonse yolowa kapena yotuluka imalembedwa pamaso pa anthu awiri, ndipo mlembi amawerenga kopelo mokweza kamodzi pa mwezi, pansi pa mtengo, onse akumva. Masiku ano ena amasunga ndalama pa foni kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola, koma kope limafunikabe chifukwa uthenga wa pa foni amauona ndi mwini foni yekha.

Chaka cha chisankho chikafika mipira ndi majezi zimagwa ngati mvula kuchokera kwa ofuna mavoti. Palibe timu imene ingakane mphatso, koma komiti yanzeru imalemba katunduyo m'kope ngati wa timu yonse, kuopa kuti wina angadzanene kuti anapatsidwa iye. Imadziwanso kuti chisankho chikadutsa opereka aja saonekanso, ndipo mpira wotsatira udzachokera ku chidebe cha chimanga chomwe chija.

Ulendo ndi alendo

Kale mlembi ankalemba kalata yopempha masewero, mnyamata n'kupita nayo pa njinga, ndipo yankho linkatenga sabata. Chiyambire pamene mafoni anafika m'midzi, makamaka kampani ya Movitel itayamba ntchito mu 2012, kupangana kunaphweka kumadera amene netiweki imagwira. Koma mtunda sunafupike. Boma la Marávia ndi lalikulu, lamapiri, ndipo misewu yake yambiri ndi yafumbi. Limachita malire ndi Zumbo kumadzulo, Chifunde kum'mawa, dziko la Zambia kumpoto ndi nyanja ya Cahora Bassa kumwera. Timu yopita kukasewera kutali imanyamuka tambala woyamba, awiriawiri pa njinga imodzi, ena wapansi. Amene ali ndi njinga yamoto amanyamula chikwama cha majezi ndi akuluakulu a komiti. Osewera amafika miyendo italema kale, n'kusewera mphindi 90, kenaka n'kubwerera mumdima.

Apa ndi pamene ntchito ya amayi imaonekera. Mudzi wolandira alendo umayenera kuwapatsa madzi akumwa ndi chakudya, ndipo mbiri ya mudzi imayenda ndi mmene alendo asamalidwira. Amayi ndi asungwana amayamba m'mawa kutunga madzi ndi kutola nkhuni, amasonkherana ufa, nyemba ndi masamba, n'kuphika nsima ya anthu oposa 20. Ena amafulula thobwa kutatsala masiku. Mpira ukatha ndi amayi omwewo amene amachapa majezi kumtsinje, nthawi zambiri ndi sopo wawo. Mayina awo salembedwa pa ndandanda wa timu, ndipo m'makomiti ambiri mulibe mayi ndi mmodzi yemwe, ngakhale kuti amayi ambiri ali ndi luso losunga ndalama limene analiphunzira m'magulu osungitsa ndi kubwereketsa ndalama.

Midzi ya kumpoto ili pafupi ndi midzi ya maboma a Petauke ndi Sinda ku Zambia kuposa mmene ilili ndi mzinda wa Tete. Anthu a mbali ziwirizi ndi apachibale, amakwatirana ndipo amamvana chiyankhulo, kotero masewero a pakati pawo amakoka anthu ambiri. Komabe malire ndi malire. Wapampando amafunika kudziwitsa mafumu ndi akuluakulu oyang'anira malire a mbali zonse ziwiri nthawi ilipo, kuti gulu la anyamata lisakaoneke ngati lalowa m'dziko la eni mozemba.

Mlembi wabwino amadziwanso masiku osayenera kuika masewero. Loweruka lomaliza la Ogasiti Achewa ambiri a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amakhala ali ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Masiku a msika wa fodya ndi thonje anyamata amakhala otanganidwa. Ndipo m'mudzi mukagwa maliro mpira umaima, ngakhale alendo atafika kale. Zikatero osewera amavula majezi n'kukathandiza kukumba manda.

Masiku akuluakulu

Chaka cha mpira wa kumudzi chili ndi nsanamira zake. Yoyamba ndi 25 Juni, tsiku limene dziko la Mozambique linalandira ufulu mu 1975. Kenaka pamabwera 7 Seputembala, tsiku la pangano la ku Lusaka la 1974, ndi 25 Seputembala, tsiku lokumbukira kuyamba kwa nkhondo yomenyera ufulu mu 1964. Yomaliza ndi 4 Okutobala, tsiku limene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere ku Rome mu 1992. Pa masiku amenewa zikondwerero zambiri zimatsekedwa ndi mpira, ndipo mphoto imakhala mbuzi, mpira watsopano kapena ndalama zimene matimu asonkherana.

Kwa achikulire a ku Marávia, mpira wa pa 4 Okutobala uli ndi tanthauzo lina. M'zaka za nkhondo yapachiweniweni midzi yambiri inasiyidwa mabwinja. Anthu anathawira ku Zambia, ena mpaka ku malo a othawa kwawo a Ukwimi kumpoto kwa Petauke, pamene ena a chigawo cha Tete anapita ku Malawi, dziko limene linasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Atabwerera nkhondo itatha anayamba ndi kumanga nyumba ndi kutsegula minda, kwinaku akuopa mabomba okwirira pansi, amene boma linadzalengeza kuti achotsedwa m'malo onse odziwika mu Seputembala 2015. Ambiri mwa amene lero ali m'makomiti a matimu anali ana m'zaka zimenezo, ndipo mpira anauphunzira ndi wachikulunga, wa mapepala ndi nsanza zomanga ndi luzi. Iwowa amadziwa kuti kusonkhana anthu mazanamazana pa bwalo popanda mantha si chinthu chimene chinalipo nthawi zonse.

Munthu wa wezulo

Palibe ntchito yosayamikika pa mpira ngati ya woyimbira. Amathamanga mofanana ndi osewera, salandira kanthu, ndipo mbali imene yagonja imamuloza chala. Akakhala wa m'mudzi momwemo alendo amati wakondera, akaimbira alendo penate achibale ake samuyankhula sabata yonse. Kaamba ka ichi matimu ena amagwirizana zotenga woyimbira ku mudzi wachitatu, n'kumupatsa chakudya ndi kangachepe kogulira sopo.

Mikangano yambiri imabwera chifukwa choti malamulo amasintha koma uthenga sufika kumidzi nthawi imodzi. Malamulo a mpira analembedwa koyamba ku London mu 1863 ndipo alipo 17. Makadi achikasu ndi ofiira anayamba kugwiritsidwa ntchito pa mpikisano wa dziko lonse wa 1970 ku Mexico. Mu 1992 goloboyi analetsedwa kugwira ndi manja mpira umene mnzake wamubwezera dala ndi phazi. Kuyambira mu 2019, goloboyi akamayambitsa mpira umene unatuluka kumbuyo kwa golo, mnzake akhoza kuulandira ali m'bokosi momwemo. Mu 2022 lamulo lolola kusintha osewera 5 linakhazikitsidwa, ndipo mu 2025 kunabwera lina loti goloboyi akasunga mpira m'manja kupitirira masekondi 8, timu inayo imamenya kona. Mnyamata amene amaonera mpira wa kunja pa kanema kumsika amadziwa zatsopanozi, pamene woyimbira wachikulire amatsata zimene anaphunzira kale. Njira yopewera ndewu ndi yoti woyimbira aitane makaputeni awiri mpira usanayambe, agwirizane malamulo amene atsate, chiwerengero cha osintha ndi chimene adzachite matimu akalepherana.

Kachasu ndi kubetcha zimawonjezera moto. Munthu amene waikapo ndalama kapena nkhuku savomera kugonja, ndipo woledzera mmodzi akalowa m'bwalo ndi ndodo ena amamutsatira. Palinso nkhani ya zikhulupiriro, pamene timu ina imakana kulowera pa njira imene eni bwalo akonza, kapena imakumba pa golo poganiza kuti pakwiriridwa mankhwala. Zoterezi zimachedwetsa mpira mpaka dzuwa kulowa, ndipo nthawi zina ndalama zimene zikanagula mpira zimathera kwa sing'anga. Makomiti amene amasankha akuluakulu aulemu wawo kuti aime m'mbali mwa bwalo, ndi kupempha amfumu kuti akhalepo, amaona kuti anthu amadziletsa.

Wina akavulala

Bwalo louma la mu Seputembala ndi lolimba ngati mwala, ndipo osewera ena amavala nsapato za mpira pamene anzawo ali chabe. Kubinya, mabala ndi kuthyoka mwendo zimachitika. Timu iliyonse imafunika munthu mmodzi wodziwa chithandizo choyamba, amene amakhala ndi madzi aukhondo, sopo ndi nsalu zoyera. Bala limatsukidwa ndi madzi ndi sopo, osati kuthira dothi kapena mafuta a galimoto. Mwendo umene ukuoneka kuti wathyoka sakoka kapena kuwongola mokakamiza, koma amaumangirira ku thabwa kapena nsungwi kuti usagwedezeke, n'kumutengera munthuyo kuchipatala. Amene wagunda mutu n'kukomoka kapena kuyamba kuyankhula zosokonekera sayenera kubwereranso m'bwalo tsiku limenelo, ngakhale iye mwini akakamire. Popeza midzi ina ili kutali ndi chipatala cha ku Fingoè kapena zipatala zing'onozing'ono za m'madera, msungichuma wochenjera amapatula ndalama ya mafuta a njinga yamoto imene sikhudzidwa pa china chilichonse. Mnyamata wothyoka mwendo mu Okutobala ndiye kuti banja lake lataya mlimi nthawi yobzala.

Mmene zilili kwina

Kudalira anthu odzipereka sikuli ku Marávia kokha, ndipo sikuli pa mpira wa miyendo wokha. Ku England kuli masewero otchedwa kiriketi amene midzi yambiri imasewera kuyambira Epulo mpaka Seputembala. Timu imakhala ndi anthu 11. Wina amaponya kampira kolimba kachikopa pofuna kugwetsa timitengo titatu tozikidwa pansi, pamene wa timu inayo amateteza timitengoto ndi thabwa, n'kuthamanga pakati pa malo awiri otalikirana mamita 20 kuti apeze mapointi otchedwa ma run. Ngakhale dzikolo ndi lolemera, makalabu a kumidzi amayenda ndi anthu osalipidwa. Wina amatchetcha kapinga ndi kutsendera nthaka ndi chitsulo cholemera, wina amalemba mapointi m'buku kwa maola ambiri, ena amakonza tiyi wa osewera. Mu 1972 kunayambika chikho cha matimu a kumidzi, ndipo masewero ake otsiriza amachitikira pa bwalo lotchuka la Lord's ku London. Oyamba kuchitenga anali mudzi wa Troon wa ku Cornwall, ndipo mu 1985 chinapita ku mudzi wa Freuchie ku Scotland.

Kiriketi iliponso ku Mozambique, makamaka ku Maputo, ndi ku Malawi, makamaka ku Blantyre ndi Lilongwe, ngakhale kuti anthu ambiri a kumidzi sanaionepo. Mu Novembala 2019 matimu a mayiko awiriwa anakumana ku Malawi pa mpikisano wotchedwa Kwacha Cup. Kwa amuna Malawi inapambana masewero 5 ndipo Mozambique inapambana amodzi, pamene kwa amayi Malawi inapambana 4, Mozambique 3. Mu Novembala 2021 ku Rwanda, Francisco Couana wa ku Mozambique anapeza ma run 104 ndi kutulutsa osewera 5 a dziko la Cameroon pa masewero amodzi. M'mayiko awiriwa kiriketi ilibe ndalama zambiri kapena khamu la oonerera ngati mpira wa miyendo, koma inafika pamenepa chifukwa panali anthu amene analimbikira kuphunzitsa ana a sukulu chaka ndi chaka.

Kodi phindu lake n'chiyani?

Makolo ena amafunsa funso limeneli akaona mwana wawo akutha tsiku pa bwalo. Zoona zake n'zakuti anyamata ochepa kwambiri ndi amene adzadye za mpira. Komabe njira ilipo. Kutsidya kwa mtsinje wa Zambezi, m'boma la Cahora Bassa, timu ya União Desportiva do Songo inatenga ligi yaikulu ya Moçambola mu 2017, koyamba kuti chikhochi chifike m'chigawo cha Tete, ndipo inatenganso mu 2018 ndi 2022. Eusébio, amene anabadwa mu 1942 ku Mafalala mu mzinda umene lero ndi Maputo, anayamba ndi mpira wansanza wopanda nsapato, koma mu 1966 anamwetsa zigoli 9 pa mpikisano wa dziko lonse akusewerera Portugal. Kwa asungwana chitsanzo chili pafupi. Barbra Banda wa ku Zambia anasankhidwa kukhala wosewera wamkazi wopambana mu Africa mu 2024, ndipo chaka chomwecho Temwa Chawinga wa ku Malawi anaposa onse pomwetsa zigoli mu ligi ya amayi ya ku United States. Koma m'midzi yambiri asungwana amapatsidwa bwalo pokhapokha anyamata akamaliza, nthawi imene iwo akufunika kumtondo ndi kuchitsime.

Phindu limene limaoneka msanga ndi la m'mudzi momwemo. Mnyamata amene akudziwa kuti mawa kuli masewero amaganiza kawiri asanapite kumowa. Amene wakhala mlembi wa timu amaphunzira kulemba kalata ndi kusunga kaundula, ndipo luso limeneli limadzamuthandiza m'gulu la alimi kapena m'komiti ya mjigo. Amayi ogulitsa mandasi, nzimbe ndi mtedza amapezanso kangachepe pa tsiku la mpira. Azaumoyo akafuna kulengeza za katemera kapena za kolera amapeza anthu atasonkhana kale.

Kutseka chaka

Kumapeto kwa Okutobala kutentha kumafika poipa ndipo masewero amayamba mochedwa, dzuwa litapendeka. Mitambo ikayamba kusonkhana anyamata amachepa pa bwalo chifukwa aliyense ali kumunda kukonza mizere. Mvula yoyamba imabwera ndi ziphaliwali, ndipo bwalo ndi malo oopsa chifukwa ndi poyera. Woyimbira akamva bingu amayenera kuimitsa mpira, anthu n'kulowa m'makalasi a sukulu, osabisala pansi pa mtengo.

Ntchito yomaliza ya komiti ndi msonkhano wotsekera chaka, umene matimu ambiri amaudumpha. Pa msonkhanowu mlembi amawerenga ndalama zonse, majezi amawerengedwa limodzi ndi limodzi, ndipo anthu amagwirizana nyumba imene katundu akasungidwe kuti makoswe asamuboole. Mpira amauphwetsa pang'ono n'kuupachika pouma. Mitengo ya magolo amaizula n'kuiika pamwamba kuopa chiswe. Amene anatenga jezi kupita nayo kwawo amaibweza tsiku lomwelo.

Pa msonkhano womwewu ndi pamene pamafunika kusankha achinyamata awiri kapena atatu oti aziyenda ndi akuluakulu a komiti chaka chamawa, mmodzi aphunzire kope, wina aphunzire wezulo. Akale anati mutu umodzi susenza denga, ndipo matimu ambiri amene anatha anali pa mutu wa munthu mmodzi amene anasamuka, anadwala kapena anangotopa. Ndi nthawi yabwinonso yoti kaputeni aimirire pamaso pa mudzi n'kutchula mayina a amene anatchetcha, anaphika, anachapa ndi kubwereketsa njinga zawo. Kuthokoza sikudya ndalama ya m'thumba la timu, koma nthawi zambiri ndiko kumachititsa kuti munthu avomerenso udindo udzu ukadzafunika kutchetcha mu Epulo.